Semesita imodzi ku Bologna: mmene mungayendere ngati ndinu mwana wa ku Chigwa

Chibwerereni anthu akhala akundifunsa pa WhatsApp, ena mpaka kundiimitsa pa msika wa Nchalo ndikugula matemba, kuti achimwene zinatheka bwanji zokaphunzira ku Italy, kodi muli ndi m'bale kumeneko? Ndilibe m'bale ine kumeneko, ngakhale mmodzi. Ndinapita semesita imodzi basi, kuyambira Sepitembala mpaka Febuluwale, ku yunivesite ya Bologna, nde ndati ndilembe zonse pano kamodzi kuti wina wa ku Ngabu, ku Bangula, ku Makhanga kaya kwa Tengani amene ali ku koleji pano asamaone ngati mwayi umenewu ndi wa ana a ku Namiwawa okha.

Poyambira ndi ku koleji kwanu komweko. Semesita ya kunja sikuti mwasiya sukulu yanu n'kukalembetsa ina ayi, mumakhalabe wophunzira wa kuno, mwangobwerekedwa miyezi ingapo, ndipo zimayenda pa mgwirizano wa mayunivesite awiri, kawirikawiri ndi ndalama za pulogalamu ya European Union ija ya Erasmus+. Nde kaya muli ku LUANAR, MUBAS, UNIMA, MUST, Mzuni kapena KUHeS, pitani ku ofesi yoona za ubale ndi sukulu za kunja kapena kwa mkulu wa dipatimenti yanu mukafunse kuti kodi tili pa mgwirizano ndi yunivesite ziti, ndipo amaitana liti anthu ofuna kupita. Zidziwitso zake zimabwera pa imelo ya sukulu ija ambirife sititsegula komanso pa bolodi, ine ndinachiona kutatsala masiku 9 kuti atseke, ndinachita kugona pa kompyuta ya mnzanga kulemba kalata. M'kalata imeneyo musalembe zoti mumalakalaka kuona Ulaya, aliyense amalemba zomwezo. Ine ndimaphunzira za ulimi wothirira, nde ndinalemba za kwathu, madzi a Shire ndi Ruo amene chaka china amatikokolola chaka china tikufa ndi chilala pomwe mtsinje ukudutsa pakhomo, ndi ngalande yaikulu ija ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, kuti idzafuna anthu odziwa kuyendetsa madzi. Kalata ikamanunkha kwanu owerenga amaikumbukira.

Pasipoti pangani lero, musadikire kuti akusankheni kaye. Zonse zimene zikubwerazi zimafuna nambala ya pasipoti, ndipo kuchoka kuno kukwera Thabwa kupita ku Blantyre kawiri katatu chifukwa cha pepala limodzi ndi ndalama komanso nthawi. Za ndalama ndinene mosabisa: ngakhale muli ndi sikolashipu, ndalama zake nthawi zambiri zimalowa mutafika kale uko ndi kusainira mapepala, kutanthauza kuti viza, ulendo wokatenga viza, chikole cha nyumba ndi chakudya cha masabata oyamba zimayamba zatuluka m'thumba lanu. Kwathu bambo anagulitsa ng'ombe imodzi, amalume anawonjezera za thonje, ndinadzabweza ndili uko. Komanso forex kuno mukuidziwa mmene ikuvutira, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nde pitani ku banki msanga ndi kalata yokuitanani ija, osati sabata yonyamukira.

Pali pepala lina limene anthu amalipeputsa koma ndi limene limanyamula semesita yonse, dzina lake Learning Agreement. Mumalembapo makosi amene mukaphunzire uko ndi makosi a kuno amene akulowa m'malo mwake, kenako musaina inuyo, sukulu yanu ndi sukulu ya uko. Semesita yodzaza ndi makirediti 30, ku Italy amati CFU, ndipo kirediti imodzi amaiwerengera ngati maola 25 a ntchito kuphatikiza kuwerenga panokha. Khalani pansi ndi a hedi a dipatimenti kosi ndi kosi mpaka agwirizane nazo molemba, osati pakamwa. Ndikudziwa mnzanga wina anakhoza bwinobwino kunja koma pobwera anamuuza kuti makosi awiri sakufanana ndi a kuno, anabwereza chaka, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikamaganiza. Onetsetsaninso kuti kosi iliyonse ikuphunzitsidwa m'chilankhulo chanji, chifukwa pa webusaiti dzina la kosi limatha kulembedwa m'Chingerezi koma lekichala n'kumaphunzitsa m'Chitaliyana. Mukafika n'kupeza kuti makosi awiri akugundana nthawi, pepalali limasinthika m'masabata oyamba, koma kusinthako kuno asainirenso.

Viza ndiye ulendo pawokha. Kazembe wa Italy amene amaonanso za Malawi ali ku Lusaka, ndipo kukhala kopitirira masiku 90 kumafuna viza ya mtundu wa D, ya maphunziro. Musanapite uko mumayamba mwalembetsa pa webusaiti ya boma lawo yotchedwa Universitaly, yunivesite ya uko n'kuvomereza, kenako n'kupempha tsiku lokaonekera. Nyamulani kalata yokuitanani, umboni wa sikolashipu kapena ndalama, inshuwalansi ya chipatala, umboni wa kumene mukagone, zithunzi, ndipo pepala lililonse likhale ndi fotokope ziwiri. Werengani nokha mndandanda umene ofesi ya kazembe yalemba chaka chimenecho, osadalira za munthu amene anapita zaka zitatu zapitazo, olo ine amene. Ine ndinadzera Lilongwe, Mchinji, kuwoloka pa Mwami, Chipata mpaka Lusaka pa basi, ndinafika miyendo itatupa, koma chikwatu cha mapepala ndinachikumbatira njira yonse ngati khanda.

Tsopano nyumba, apa nde pamene pali misozi. Bologna ndi mzinda wodzaza ana a sukulu ndipo malo ogona ndi osowa kwambiri, yambani kufufuza tsiku lomwe mwalandira kalata. Mawu atatu muwadziwe: singola ndi chipinda cha nokha, doppia ndi cha awiri, posto letto ndi bedi limodzi m'chipinda chogawana. Ine ndinatsala pang'ono kutumiza ndalama ya ng'ombe ija kwa munthu wina wa pa gulu lina la pa intaneti, zithunzi za nyumba zokongola, mtengo wotsika, iye akuti ali kunja kwa dziko makiyi atumiza ndikalipira miyezi iwiri. Chinandipulumutsa ndi mtsikana wina wa ku Uganda amene anali kale uko, ndinamupempha akaone adiresiyo, anakapeza kuti pa nambala imeneyo pali shopu yokonza njinga. Musatumize kakobiri musanaone chipinda pa vidiyo munthu akuyenda nayo foni, kapena wina wodalirika atakafika. Funsani ofesi ya ophunzira obwera ku yunivesite komweko akulozereni malo odalirika, ndipo pemphani kontilakiti yolembetsedwa ku boma. Ine ndinapeza doppia ku Bolognina, kuseri kwa siteshoni ya sitima, dera la anthu osakanikirana, Achitaliyana, aku China, aku Morocco, aku Bangladesh, aku Nigeria, ndipo kumeneko nde kuli mashopu oti mupeza therere, chinangwa ndi nsomba zouma.

Ulendo wa ndege ndi wosavuta kufotokoza, ine ndinakwerera pa Chileka kudzera Addis Ababa mpaka Rome kenako sitima. Ngati mwatera ku Bologna komweko pali kasitima ka Marconi Express kochoka pa bwalo la ndege kufika pa siteshoni mphindi zosakwana 10. M'chikwama musaiwale adaputala, mapulagi athu a mano atatu a makona aja salowa m'masoketi awo.

Mukafika musapume kaye. Lamulo lawo limati pasanathe masiku 8 ogwira ntchito mupemphe chilolezo chokhalira m'dzikomo, permesso di soggiorno. Mumapita ku positi ofesi, Poste Italiane, pa windo lolembedwa Sportello Amico, kukatenga envulopu ya mzere wachikasu imene ili ndi mafomu. Kenako mumakagula sitampa ya 16 euro yotchedwa marca da bollo, ndipo chodabwitsa simuigula ku positi koma ku shopu ya fodya, tabaccheria, yokhala ndi chikwangwani cha T wamkulu panja. Mudzaze fomu, muike fotokope ya pasipoti ndi viza, kalata ya sukulu ndi inshuwalansi, mubwerere nayo ku positi osamata envulopu chifukwa amafuna aone kaye. Zonse pamodzi konzekerani ndalama yopitirirako 100 euro. Akupatsani risiti ndi tsiku lopita ku Questura, ku likulu la polisi, kukadinda zala. Risiti imeneyo ndi moyo wanu, ijambuleni pa foni, ipangeni fotokope, yeniyeniyo muziisunga ngati chiphaso cha munda, chifukwa khadi lenilenilo limatha kuchedwa miyezi, langa linatuluka ndikuyamba kale mayeso. Ndipo musanawoloke malire kupita dziko lina kokaona anzanu, funsani kaye ku ofesi ya sukulu ngati mapepala anu akulola. China ndi codice fiscale, nambala ya msonkho imene imaperekedwa ndi Agenzia delle Entrate, popanda imeneyo kontilakiti ya nyumba, akaunti ya ku banki, zonse zimaima. Ndi chilolezo cha maphunziro mukhoza kugwira ganyu mpaka maola 20 pa sabata, koma kwa semesita imodzi musawerengere zimenezo, pofika poti mwapeza ganyuyo mayeso afika.

Za kuzizira ndikuuzeni ngati m'bale wanu. Ife a ku Chigwa thupi lathu linazolowera Okutobala wa ku Ngabu wopitirira madigiri 40, usiku kugona pa mkeka panja, nde Juni wa ku Blantyre timamutcha kale chisanu. Ku Bologna Sepitembala amakunamizani, kumatentha bwino mpaka udzudzu ulipo, koma ikafika Novembala kumagwa nkhungu yoti nyumba ya patsidya pa msewu osaiona, Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4:30 madzulo, Januwale m'mawa kumafika pa ziro. Jekete yochindikala gulani pa kaunjika kuno, ya uko ndi yodula, ndipo chinsinsi si jekete yokha koma kuvala zingapo mosanjikiza, sokosi zokhuthala, chipewa cha ubweya, magolovesi, ndi nsapato yosalowa madzi. Mafuta odzola nyamulani ambiri, khungu limachita mbuu ndi milomo kung'ambika. Chimene sindinayembekezere ndi mdimawo, umalowa mpaka mumtima, sabata zina za Disembala ndinkangofuna kudzitsekera. Mankhwala ake ndi kutuluka, kupita ku laibulale ya Salaborsa pafupi ndi bwalo lalikulu la Piazza Maggiore komwe n'kofunda komanso kulowa n'kwaulere, ndi kuimbira kunyumba. Dziwaninso kuti Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza wotchi ola limodzi, nde chiyambire pamenepo Malawi amakhala patsogolo ndi ola, pomwe mu Sepitembala nthawi imakhala yofanana, mayi anga anavutika nazo kumvetsa mpaka ndinabwera.

Chinthu china chofunika kwa ife ochokera kumalo a malungo: mukatentha thupi m'masabata kapena miyezi yoyamba musangoti ndi chimfine cha kuzizira. Pitani kuchipatala ndipo muwauze momveka kuti mwachokera ku Malawi kudera la malungo, akuyezeni magazi, chifukwa dokotala wa uko sangaganizire zimenezo payekha msanga. Nambala ya ambulansi ndi 118.

Chakudya sichinandivute mmene ndinkaopera. Kumpoto kwa Italy amadya polenta, yomwe ndi phala lolimba la chimanga, nde ufa umapezeka m'masupamaketi ngati Coop, Conad ndi Lidl. Funani wolembedwa farina di mais bianco, woyera, makamaka wosalala uja amati fioretto, mupewe wa istantanea chifukwa anauphika kale ndipo nsima yake imachita manyenyenye. Mthiko nyamulani wa kwanu. Tsiku loyamba kuphika nsima mnzanga wa chipinda, mnyamata wa ku Puglia, kummwera kwa Italy, anaima pakhomo la khitchini kuonerera mmene ndikuvundulira, kenako anasamba m'manja n'kudya nane ndi nyemba, mawa lake iye anandiphunzitsa kuti pasta amaithira m'madzi owira kale a mchere wambiri ndipo saiphika mpaka kufewa ngati phala. Mzindawu amautcha la Grassa, wonenepa, chifukwa cha zakudya zake, nde olo kamodzi sungani ndalama mukalawe tagliatelle al ragù ndi tortellini wa mumsuzi. Khofi imwani mutaima pa kauntala, mukakhala pa tebulo pamalo a alendo mtengo umakwera. Tikiti ya basi ya TPER, kampani ya mabasi a mumzinda, kapena ya pepala ya sitima za regionale, zoima m'masiteshoni ambiri zija, muziidinda pa makina, kukhala nayo m'thumba osadinda amakulipiritsani chindapusa ngati mulibe.

Tsopano sukulu yeniyeniyo, ndipo apa mumvetsere. Yunivesite imeneyi amaiwerengera kuyambira 1088, ndi yakale kuposa zonse ku Ulaya, ndipo ilibe mpanda ngati makoleji athu, yamwazikana mumzinda monse, pakatikati pake ndi msewu wa Via Zamboni, ife a zaulimi tinali ku Viale Fanin chakunja pang'ono. Makalasi amayamba chakumapeto kwa Sepitembala mpaka Disembala, mayeso Januwale ndi Febuluwale. Makosi ambiri palibe amene amakuitanani mayina, palibe ma asainimenti a sabata ndi sabata okukakamizani kuwerenga, nde munthu umatha kuona ngati uli pa holide, kenako mayeso amodzi okha n'kunyamula kosi yonse. Malikisi amachokera pa 18, pokhozera, kufika 30, ndipo wochita bwino koposa amapatsidwa 30 e lode. Tsiku la mayeso amati appello, mumalembetsa nokha pa intaneti pa AlmaEsami, mukaiwala palibe amene akukumbutseni. Sankhani appello woyamba kuti zikavuta mukhale ndi wachiwiri musanakwere ndege.

Ndipo mayeso ambiri ndi a pakamwa. Ife tinakula ndi mayeso olemba kuyambira Sitandade 8 mpaka MSCE, tinaphunzitsidwanso kuti wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi, nde tangoganizani mwakhala pa mpando moyang'anana ndi pulofesa, kumbuyo kwanu ophunzira ena 20 akudikira nthawi yawo akumva chilichonse. Ine manja anali thukuta ngakhale kunja kunali chisanu. Funso loyamba ndinayankha mogwetsa mawu mpaka anandiuza kuti ndikweze. Lachiwiri anandifunsa za kuchotsa madzi m'minda ya m'zigwa zosefukira, ndipo apo nde mtima unakhala pansi, chifukwa tinali titapita ku tauni ya Argenta kukaona mapampu akuluakulu a ku Saiarino amene amakweza madzi kuchoka m'minda yotsika kuwathira mumtsinje wa Reno, nde ndinafotokoza zimenezo kenako ndinapempha pepala n'kujambula Shire, Ruo akubwera kuchokera ku Mulanje, Dambo la Ndinde ndi Elephant Marsh, ndi mmene Makhanga amasandukira chilumba madzi akakwera. Pulofesa anasiya cholembera n'kuyamba kundifunsa za Freddy wa Malichi 2023, iyenso n'kundiuza za madzi amene anasefukira m'chigawo chawo cha Emilia-Romagna mu Meyi chaka chomwecho n'kupha anthu ndi kuwononga minda. Tinacheza ngati alimi awiri. Nde malangizo anga, kuyambira sabata yachitatu pezani anzanu awiri muzifunsana mokweza mawu, kufotokoza mutu umodzi mphindi zisanu osayang'ana m'kope, ndipo zitsanzo za kwanu musazibise, n'zimene ena onse m'chipindamo alibe. Muyang'aneni pulofesa kumaso, kumeneko si chipongwe. Akakuuzani malikisi amakufunsani ngati mukuwalandira, ndipo mukhoza kukana n'kudzayesanso, koma inu muli ndi tikiti yobwerera, nde ganizani kawiri.

Chitaliyana phunzirani olo pang'ono musananyamuke, ndipo yunivesite ili ndi makosi a chilankhulo a ophunzira obwera, malo amatha msanga nde lembetsani tsiku lomwe atsegula. Kwa ife sichivuta kutchula chifukwa chimawerengedwa mmene chalembedwera ndipo mawu ambiri amathera pa a, e, i, o ngati Chichewa. Ulemu ulinso ngati wathu, mnzako ndi tu, wamkulu ndi Lei, monga iwe ndi inu. Mukalowa mu shopu perekani moni, buongiorno, anthu amasintha nkhope. Sindinama, alipo ena amene anandiyang'ana moipa m'basi, wina anasuntha chikwama nditakhala pafupi, zinandipweteka, koma alipo ambiri amene anandithandiza, ngati agogo ena a pa nyumba yathu amene ankandiimitsa pa masitepe kundikonza Chitaliyana changa.

Mzindawo uyendeni wapansi. Misewu yake ili ndi makonde ofoleredwa, ma portici, oti mvula ikugwa mumayenda mtunda wautali osanyowa, UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2021. Lamlungu lina kwerani khonde lopita ku tchalitchi cha San Luca pa phiri, pafupifupi makilomita 4 ndi zipata zokhota 666, mukafika pamwamba mudzaona chigwa cha mtsinje wa Po chitayalana mpaka maso kutopa, ine ndinangoti apa nde ngati pa Thabwa, kungosowa minda ya nzimbe. Lowani ku Archiginnasio mukaone chipinda cha matabwa chimene ankaphunzitsiramo za thupi la munthu zaka za m'ma 1600. Nsanja ziwiri zotchuka za mumzindawu, Asinelli ya mamita 97 ndi Garisenda yopendekeka, anazitchinga mu 2023 poopa kuti yopendekekayo ingagwe, komabe ana a sukulu a kumeneko amati wokwera Asinelli asanamalize maphunziro samaliza. Florence ndi mphindi zosakwana 40 pa sitima yothamanga, koma ya regionale ndi yotchipa ngati simuli pa changu, ndipo maulendo amenewa achiteni mu Okutobala, osati mu Januwale.

Kwa ife a ku Nsanje ndi Chikwawa pali chinanso. Bishopu wamkulu wa Bologna kuyambira 2015, Kadinala Matteo Zuppi, anali mmodzi mwa amkhalapakati a gulu la Chikatolika la Sant'Egidio pa zokambirana zimene zinathetsa nkhondo ya ku Mozambique, pangano lake linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Agogo anga anasunga banja lina lothawa nkhondo imeneyo pakhomo pathu zaka zingapo, mpaka lero timayenderana kutsidya. Tsiku lina ndinapita ku Misa ku tchalitchi chachikulu cha San Pietro pa Via Indipendenza ndikuwaona bambo amenewa pa guwa, ndipo usiku womwewo ndinaimbira agogo kuwauza, anangoti takhuta, takhuta, kenako n'kuyamba kutchula mayina a ana a banja lija mmodzimmodzi.

Sabata yomaliza musaithere m'mashopu ogula mphatso. Onani pa intaneti kuti malikisi onse alowa, chifukwa pulofesa akachedwa kulembetsa, kosi imeneyo siioneka pa Transcript of Records, ndipo kumutsatira pa imelo muli ku Nchalo netiweki ikuvuta ndi ntchito ina. Pitani ku ofesi ya ophunzira obwera akutsekereni semesita ndi kukupatsani pepala losonyeza tsiku lofika ndi lochoka, popanda limenelo gawo lomaliza la sikolashipu silituluka. Landilodi muuzeni molemba nthawi idakalipo malinga ndi kontilakiti, jambulani chipinda mutakolopa kuti chikole chanu chibwere chonse. Jekete ndi mthiko ine ndinasiyira mtsikana wina wa ku Zambia amene amafika mu Febuluwale, ufa unatsala ndinamupatsa mnyamata wa ku Puglia uja, anati akaphikira mayi ake.